Mabowo Amene Achimwene Ankawerenga

Achimwene anga aakulu anabwerera ku Msumba nkhondo itafika kale m'mapiri a ku Maniamba. Boma linawatumiza ku Ulaya kukaphunzira masamu, ndipo boma lomwelo linawaitanitsa asanamalize chifukwa aphunzitsi anali atachepa kwathu kuno. Anabwera ndi jasi lolemera limene sanalivalepo ngakhale tsiku limodzi, ndi makaderno asanu ndi awiri, mabuku olembamo a chikuto chakuda. Ine ndinkaphunzitsa ana a kalasi yachiwiri, ndipo popeza amuna anga anali atatengedwa ku usilikali, ine ndi achimwene tinkakhala nyumba imodzi.

M'mawa ankaphunzitsa ana aakulu. Masana ankakhala pakhonde n'kumalemba ndi lapisi, ndiye kuti pensulo, mpaka thupi kuuma. Anthu ankanong'onezana kuti chisanu cha kunja chinawalowa m'mutu. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa chimene ankalemba.

Anatenga chubu chakutha cha njinga n'kuchipopa. Anati mizere yokhota imene akatswiri a masamu amaphunzira, ukaiona bwino imafanana ndi khungu la chubu: ina ili ndi bowo limodzi, ina awiri kapena atatu, ngati machubu omatidwa pamodzi. Anandiuza kuti ndiyerekeze kuti pa kadontho kalikonse ka khungulo paimikidwa mkeka wopanda malire. Mikeka yonseyo pamodzi ankaitcha mtolo. Munthu akamazungulira chubu, mikekayo imatha kupotoka, ndipo kapotokedwe kake n'kosiyanasiyana. Ukasonkhanitsa mitolo yonse yokhazikika, uliwonse pa malo ake ngati nyumba m'mudzi, pamapangika dziko lina, ndipo dzikolo nalonso lili ndi mabowo ake. Mabowo amenewo ndi amene iwo ankawerenga.

Ndinawafunsa kuti akawawerenga achita nawo chiyani. Anayankha kuti palibe, akungofuna kudziwa. Ndinakhumudwa, pakuti sabata imeneyo mchere unali utatha ndipo m'chipatala munalibe mankhwala.

Atamaliza kuwerengera kwawo, analembera kalata mphunzitsi wawo wa ku Ulaya. Msewu wa ku Lichinga unali ndi mabomba okwirira, makalata sankayenda. Bambo wina wachisilamu wa ku Chiwanga, amene ankayendetsa bwato la tanga kukagulitsa usipa, anavomera kukaiponya ku Likoma. Kuyambira pamenepo, bwato lililonse likakocheza achimwene ankatsikira kugombe ndi kubwerako chimanjamanja. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha.

Yankho linabwera ndi bambo yemweyo, litakulungidwa m'pulasitiki yonunkha nsomba. Mphunzitsiyo analemba mwaulemu. Anati anasangalala kumva kuti achimwene ali moyo, koma funso limenelo anthu ena anali ataliyankha kale, ndipo yankho lake linasindikizidwa zaka zingapo zapitazo. Anaikamo masamba osindikizidwawo kuti achimwene afananitse. Munali mizere ya manambala, mzere uliwonse ukusonyeza mabowo a dziko lija malinga ndi mabowo a chubu.

Achimwene anandipatsa masambawo, iwo n'kutsegula kaderno yawo.

"Werenga ndiwe, mlongo. Yambira pa mzere wa mabowo awiri."

Ndinawerenga m'Chipwitikizi monga tinkachitira kusukulu: 1, 0, 1, 4, 1, 0, 1. Ankangogwedeza mutu movomereza. Ndinapita pa mzere wa mabowo atatu: 1, 0, 1, 6, 2, 6. Chala chawo chinkatsata m'kaderno. Nditatchula 16, chalacho chinaima. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Iwo anali ndi 15.

Masiku asanu ndi anayi anafunafuna pamene panalakwika. Ankadya ataimirira, ndipo kusukulu ankangopatsa ana ntchito n'kubwerera ku makaderno awo. Ndinkapempherera kuti olakwa akhale azunguwo. Pa tsiku lachikhumi anandiitana n'kundionetsa tsamba lina m'kaderno yachitatu, pamene anataya chizindikiro chimodzi chochotsera. Tsambalo analilemba sabata imene mayi athu ankadwala matenda amene anawatenga.

"Ndinachedwa, komanso ndinalakwitsa," anatero. Sanalire. Anakonza nambalayo, n'kutseka kaderno.

Nthawi imeneyo ana ankalemba pamchenga chifukwa mapepala kunalibe. Achimwene anayamba kufufuta masamba awo limodzilimodzi ndi kachidutswa ka mphira, kuwang'amba bwinobwino, n'kugawira ana a m'kalasi mwanga ndi mwawo. Ndinawaletsa, koma anati zimene zili m'menemo zilipo kale kwina, ndiponso zolondola. Ndinkachonga masamu ophatikiza a ana anga pamene zilembo za achimwene zinkaonekabe mozimiririka pansi pake. Inatsala kaderno imodzi yokha.

Zigawenga zinatsika kuphiri m'mawa wina tikuimba nyimbo ya fuko pabwalo la sukulu. Tinathamangitsira ana kugombe. Achimwene ananyamula mtsikana wopunduka mwendo wa m'kalasi mwanga mpaka m'bwato, ndipo sanabwerere kunyumba kukatenga kanthu. Tili pakati pa madzi tinaona utsi pamene panali nyumba yathu.

Ku Likoma tinakhala m'chisakasa kuseri kwa nyumba ya achibale a mayi. Achimwene sanaloledwe kuphunzitsa popeza analibe mapepala a dzikolo, choncho ankasoka maukonde a anthu. Ankasoka bwino, mosathamanga. Za masamu sanazitchulenso, ndipo ine sindinafunse. Chifuwa chinawayamba m'nyengo ya mwera, ndipo chaka chotsatira chisanathe anamwalira.

Nthaka ya pachilumbapo ndi ya miyala, moti amuna anayi anakumba manda kuyambira m'mawa mpaka masana. Mtendere utabwera ndinawoloka ndekha kubwerera ku Msumba. Abale ena ankanena zoti tidzakatenge mafupa awo kuti agone pafupi ndi mayi, koma nkhaniyo inathera pakamwa, ndipo amene ankainena ambiri anatsogola.