Tsiku Limene Ndondocha Zinatikanganitsa m'Wodi

Chizindikiro choyamba chinali thukuta. Mwezi wa Juni kwathu kuno ku Mayani munthu satuluka thukuta. Umagona ndi juzi, mabulangete awiri pamwamba, n'kumadandaulabe kuzizira. Koma ine ndinkadzuka m'mawa malaya atanyowa ngati ndikuchokera kothirira kudimba. Kenaka kunabwera kachifuwa kouma, ine n'kumati n'chisanu basi. Ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma pantchito, ndipo zizindikiro za chifuwa chachikulu ndinkazilemba ndekha pabolodi, ana n'kumakopera. Zitafika pathupi langa ndinayamba kumwa madzi a mandimu.

Mu Ogasiti ndinaona magazi pa kansalu kanga kopukutira kukamwa. Ndinakakataya m'chimbudzi osauza munthu. Chifukwa chake ndichinena poyera, ngakhale chimandichititsa manyazi. Kwathu mwamuna akamatsokomola magazi n'kumaonda, achibale ake safunsa za tizilombo. Amati ndi mdulo. Amati mkazi wake wayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo, ndiye wamudula. Akazi anga, aNangozo, kwawo ndi ku Kaphuka, ndipo alongo anga awiri sanawakondepo chikwatirane. Ine za mdulo sindizikhulupirira, ndine mkulu wa mpingo, koma pakamwa pa alongo anga ndimapadziwa bwino. Ndinaganiza kuti ndikakhala chete ndiye kuti ndikuwateteza akazi anga.

Kumayambiriro kwa Okutobala miyendo inandikana ndili m'dimba la kachewere. Ananditengera pa njinga yamoto kuchipatala chaching'ono, kumene anatenga makhololo, ndipo mawa lake ananditumiza kuchipatala chachikulu. Atandijambula m'chifuwa, adokotala anati ndi chifuwa chachikulu, komanso kumanzere kwadzaza madzi. Anandibaya m'nthiti n'kuwakhetsera m'botolo, kenaka anandigoneka m'wodi ya amuna odwala chifuwa. Lamba wanga ndinali nditamuboola kale mabowo awiri atsopano.

Tsiku lomwelo anesi anabwera ndi pepala. Anafunsa dzina, mudzi, zaka, kenaka anati, "Kunyumba kuli wina amene akutsokomola?"

Ndinati palibe. Limenelo linali bodza. ANangozo anali atayamba kutsokomola mu Seputembala, chotembenuka, akubisira m'nsonga ya chitenje. Tili panjira yakuchipatala anandinong'oneza kuti, "Za ine musanene, bambo. Akandigoneka nanenso, akuphikirani ndani? Ndiponso alongo anu adzati ndine ndakubweretserani." Ndinavomera. Choncho iwo anakakhala kumalo ogona osamalira odwala, akumandiphikira ndi kundichapira, chifuwa chawo chili chinsinsi cha anthu awiri.

Moyo wa m'wodi unali wa ndondomeko ngati wa kusukulu yogonera konko. Kukangocha, anesi ankabwera ndi mapilitsi, aliyense ameze iwo akuona, phala pambuyo. Mkodzo unasanduka wofiira, ndipo ndinachita mantha mpaka atandiuza kuti ndi mankhwalawo. Lolemba tinkakwera sikelo. Adokotala ankayendera odwala kawiri pa sabata, masiku enawo kunali kudikira: kudikira chakudya, kudikira zotsatira, kudikira kuti dzuwa lichoke pakhoma ili lifike pakhoma ilo. Mawindo sankatsekedwa, lamulo lake linali limenelo.

Chimene chinkatidulira tsiku chinali foni ya aMalizani, bambo wogula kachewere kwa alimi n'kumakagulitsa m'tauni, amene bedi lawo linali pawindo. M'foni mwawo munali sewero la pa kanema la azungu, lija lomwe wina amalankhulira pamwamba m'Chichewa. Nkhani yake inali yakuti padziko pagwa mliri, anthu akufa akudzuka n'kumayenda chodzandira, akumaluma amoyo, ndipo wolumidwa amafa n'kusanduka chimodzimodzi. Womasulirayo ankawatcha ndondocha. Tinkaonera gawo limodzi patsiku, tikatha kudya masana, chifukwa potchajira panali pamodzi pokha, patebulo la anesi. Foni tinkaiyedzamiritsa pa fulasiki, ife n'kuthithikana pa mabedi awiri, amuna akuluakulu asanu ndi atatu, ena ndi mabotolo awo olavuliramo m'manja.

Bedi loyandikana ndi langa linali la aGelevazio, mkulu wa adzukulu okumba manda kumudzi kwawo ku Chongoni, Mkatolika wosavula korona m'khosi. Chifuwa chinali chitawadya kwambiri kuposa tonsefe, koma pakamwa panali pasanadwale. Sewero lonse iwo ankaliona ngati mlandu wa ntchito yawo.

"Manda amenewa akukumba ndani?" ankafunsa ndondocha zikatuluka. "Ine munthu ndikamuika, sadzuka mpaka lipenga."

Tsiku lina anati, "Komanso ndondocha zake zopanda mwini? Kwathu timamva kuti ndondocha imapalira chimanga cha amene anaiweta. Izizi ndi malova."

Tinkaseka, kuseka n'kuputa chifuwa, wodi yonse n'kuyamba kutsokomola pamodzi. Anesi ankasuzumira pakhomo n'kutifunsa ngati tikufuna kuti mapapo agwere pansi. Zingamveke zachilendo, koma masiku amenewo ndimawasowa. Chipumireni pantchito ndinali ndisanakhalenso pakati pa amuna anzanga n'kuseka mpaka misozi, ndipo pafoni ija panalibe mphunzitsi, wamalonda kapena wokumba manda. Tonse tinali ndi nthiti zowerengeka, tonse tikukalipira mzungu wosatimva kuti athawe msanga.

Gawo lachisanu ndi chiwiri tinaonera Lachitatu la sabata yanga yachiwiri. Munali bambo ndi mkazi wake, achikulire ngati ife, amene ankakhala ndi anzawo m'sukulu yotchingidwa ndi mpanda. Pagulu lawo panali dokotala, ndipo lamulo linali lakuti wolumidwa anene nthawi yomweyo, chifukwa akamudula msanga chiwalocho amapulumuka. Mayiyo anapita kukatunga madzi kunja kwa mpanda, ndondocha n'kumuluma pamkono. Mwamuna wake anaona chilonda. Anachimanga ndi kansalu, n'kutsitsa mkono wa malaya kuti chisaoneke. Pachipata mlonda anafunsa, womasulira n'kutulutsa mawu okhuthala akuti, "Walumidwa alipo?" Bamboyo anati palibe. Gawolo linatha mayiyo akutuluka thukuta pamphasa, mwamuna wake akumupukuta kumaso, ana a eni ake ali m'chipinda chomwecho.

Foni isanazimitsidwe n'komwe, mkangano unabuka.

"Ameneyo ndiye mwamuna!" anatero aMalizani. "Mkazi wako wakako ungamupereke kuti amudule anthu akuonerera?"

Bambo wina wa kumapeto kwa wodi anati ameneyo ndi mfiti, aphetsa ana osalakwa. Wina anati wolakwa ndi mkaziyo, ankafunanji kunja kwa mpanda. Wina anayamba kufotokoza mmene akadathawira iye, munthu amene kuchimbudzi ankapita chomugwirizira. Zitavuta anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, gamulani."

Ndinangoti, "Munthuyo amamukonda mkazi wake."

AGelevazio anayamba akoka mpweya, chifukwa masiku amenewo mawu ankawatulutsa m'zidutswa.

"Amamukonda, eya. Ine ndakumbira manda anthu ambiri okondedwa chonchi. Matenda mumabisa m'nyumba, koma kukakumba mumadzaitana ife. Akadanena pachipata paja, mayiyu akadataya mkono wokha."

Anzathu anapitiriza kukangana. AGelevazio anaweramira kubedi kwanga n'kutsitsa mawu kuti ena asamve. "Ndiponso, aphunzitsi, mayi aja akamabwera ndi phala ndimawamva. Makutu anga sanadwale."

Ndinawakwiyira, ndisaname, monga mmene munthu umakwiyira amene wakuona ukuba chinangwa. Madzulo ake aNangozo atabwera ndi chakudya ndinawayang'anitsitsa, mwina kwa nthawi yoyamba chidwalireni. Anatembenukira kuwindo ngati akuona za kunja, n'kutsokomolera m'chitenje kawiri. Mafupa a m'khosi anali poyera. Mphete yaukwati anali ataikulunga ulusi kuti isavuke. Milungu yonseyi ndinkangoona mbale imene akundipatsa, osaona dzanja lake.

M'mawa mwake, nditameza mapilitsi, ndinaimitsa anesi. Ndinawauza kuti tsiku lija ndinanama, akazi anga akutsokomola kuyambira Seputembala. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Si inu oyamba. Abwere lero lomwe, asadikire mawa."

ANangozo anapereka makhololo tsiku lomwelo, koma anandikwiyira kwambiri. Anandiuza mawu amodzi okha, akuti, "Mwandiyalutsa." Masiku awiri otsatira ankaika mbale pa kakabati n'kutuluka, osakhala pansi. M'zaka zonse za ukwati wathu anali asanandichitepo zimenezo, ndipo zinandiwawa kuposa singano ya m'nthiti ija. Zotsatira zitabwera, anawapeza nacho chifuwa chachikulu. Adokotala anati chinali chisanafike patali, kotero sawagoneka, azingolandira mankhwala. Anawonjezera kuti, "Mukadadikira mpaka Khirisimasi, tikadalankhula zina." Anatiyezanso magazi tonse awiri, monga amachitira ndi aliyense wodwala chifuwa, ndipo kumeneko kunalibe vuto.

Alongo anga anabwera Lamulungu. Zimene tinkaopa zija zinachitikadi: asanakhale n'komwe pansi, mawu akuti mdulo anatuluka. Ndinawauza alongo angawo, aNangozo ali pomwepo, kuti woyamba kutsokomola ndinali ine, kuti ndinabisa miyezi inayi tikugona chipinda chimodzi mawindo otseka, ndipo ngati pali amene wadula mnzake, ndiye ndine. Wamkulu anapempha kuti naye ayezedwe. Wamng'ono mpaka lero amanena zake akakhala kumbali. Mawu akewo sanaphe munthu. Ndinadabwa kuona kuti chimene ndinachiopa miyezi yonse ija chinatha m'kanthawi kochepa kuposa kumwa tiyi. Madzulo amenewo aNangozo anakhala pansi pambali pa bedi langa mpaka nditamaliza kudya.

Gawo lachisanu ndi chitatu silinatseguke. AMalizani anayesa njira zonse, anazimitsa foni, anatulutsa kakhadi n'kukapukuta pa malaya, koma ayi ndithu. Tinalumphira lachisanu ndi chinayi, n'kupeza anthu ali pamsewu, sukulu ija atachokamo, bambo uja ndi mkazi wake osaonekanso. Wodi inagawikana, ena akuti anapulumuka, ena akuti anadyana. AGelevazio anati, "Musavutike, kunali maliro. Vuto lake akumbanso losaya."

AGelevazio anamwalira sabata yotsatira, Lachiwiri dzuwa lili pamutu, mwana wawo wamkazi ali pambali. Anesi anatchinga bedi ndi nsalu. Tsiku limenelo foni sinatuluke m'thumba. Ine ananditulutsa patapita masiku anayi, aGelevazio atapita ndisanawathokoze. Mkwiyo wanga unali utatha kale, koma ndinkati ndidzanena mawa.

Mankhwala tinamwa miyezi isanu ndi umodzi. M'mawa uliwonse tinkakhala patebulo awiriwiri, makapu awiri a madzi, wina kuyang'anira mnzake mpaka ameze. Mwezi woyamba ndinkamva nseru ndi kuphwanya m'mfundo, aNangozo ankayabwa khungu, ndipo zonsezi tinkakanena kuchipatala chaching'ono tsiku lotenga mankhwala. Pofika Febuluwale ndinkatha kukwera chitunda cha kutchalitchi osapumira panjira. Mu Epulo atatiyeza komaliza anati tonse tachira.

Chisanu chitabweranso ndinakwera njinga kupita ku Chongoni. Mwana wa aGelevazio uja anandiperekeza kumanda, ndipo mmodzi mwa adzukulu anzawo anandiuza kuti anakumba tsiku lonse, chifukwa mwini wake sankalola dzenje losaya ngakhale la mlendo. Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja, ndinathokoza mochedwa, kenaka ndinapezeka ndikuseka ndekha misozi ikutuluka. Ameneyo sadzuka mpaka lipenga.

Lero lamba wanga wabwerera pa bowo lake lakale. Sewero lija sindinalifunenso. Mdzukulu wanga wa ku Lilongwe akuti atha kundipezera gawo losowalo, koma kuonera ndekha pampando wa kunyumba, popanda wodandaula za manda, sindikuona kukoma kwake. ANangozo nkhaniyi ndinawafotokozera, ndipo tsopano ndikangotsamwa ndi tiyi amafunsa ali kukhitchini kuti, "Walumidwa alipo?"

Kwa amene mukuwerenga, pempho langa ndi ili. Chifuwa chikatha milungu iwiri, kapena mukamatuluka thukuta pogona kunja kukuzizira, pitani kuchipatala musanayambe kuboola lamba. Chifuwa chachikulu chimachizika. Ndipo anesi akadzakufunsani ngati kunyumba kuli wina amene akutsokomola, mutchuleni dzina, ngakhale anakupemphani kuti musanene. Adzakukwiyirani masiku awiri. Anga anandikwiyira, ndipo pamene ndikulemba pano ali kuseri kwa nyumba, akupalira kachewere. Khasu lawo ndikulimva, chifuwa sindikuchimva.