Mkamwini Wophika Dzungu

Ndinaganiza zopita ku Joni nditakhala pa thumba la kachewere wowola. Chaka chimenecho mbatata inabereka mochita kudzitama kumapiri kwathu kuno, kufupi ndi Nsambe, koma mvula inakana kukata, msewu unasanduka phala, ndipo malole a ogula anathera m'munsi. Tinadikira m'mbali mwa msewu mpaka matumba anayamba kuchucha madzi onunkha. Feteleza wake ndinali nditagula nditagulitsa mbuzi zonse. Ndinafika kunyumba n'kuuza mkazi wanga Esinati kuti ulimi wandikwana. Sanalire ndipo sanandiletse. Anangotenga malaya anga onse, ngakhale oyera kale, n'kukawachapa kumtsinje.

Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Munda ndi wa kwawo kwa Esinati, malo amene tinamangapo nyumba ndi a kwawonso, ndipo munthu wotere akalephera kudyetsa banja amamva ngati mudzi wonse ukumuyang'ana kumsana. Ndinkafuna kudzabwera ndi malata, njinga ndi ulemu. Mwana wathu woyamba, Tadala, anali atangoyamba kumene sukulu.

Ntchito ndinaipeza pamsika waukulu wa ndiwo zamasamba, yotsitsa matumba m'malole. Choseketsa n'chakuti ambiri mwa matumbawo anali a kachewere yemweyo amene ndinamuthawa. Ndinkagona mumkhukhu, kanyumba ka malata mbali zonse, mongokwana bedi, ndowa ndi kachitofu ka magetsi. Poyamba tinalimo awiri ndi mnyamata wina wa ku Lisungwi, koma anamugwira chifukwa cha mapepala n'kumubweza kumudzi. Ndinatsala ndekha, munthu woti chibadwire sindinaphikepo kanthu kupatula kuwotcha chimanga kumunda.

Miyezi yoyamba ndinkadya buledi, tchipisi ndi zipalapasiro za nkhuku zogula panjira. Mimba inandiukira. Chilungulira chinkandidzutsa, m'mawa n'kupita kuntchito ndili wofooka ngati ndachokera kuchipatala. Ndalama zinkapezeka ndithu, sindinama, ndipo mwezi ukatha ndinkatumiza pafoni zimene ndikanatha. Koma zimene zinkatsala zinkathera lendi ndi zakudya zondidwalitsa.

Masika kumeneko amafika nthawi imodzi ndi kwathu. Epulo akamatha kamphepo kamayamba kuluma, ndipo pamsika pankadzaza maungu aatali khosi ngati chipanda, amene amawatcha batanati. Ophwanyika ankatipatsa antchito. Tsiku lina ndinatenga limodzi, n'kulidula mumkhukhu muja, ndipo fungo lake linandikhazika pansi. Linali fungo la pakhomo pathu mu Meyi, chimanga chili mbwee pabwalo, ana akutafuna misinde. Ndinalisenda, zam'kati n'kuponya m'bini, n'kuliphika ndi mchere wokha. Linapserera pansi, pamwamba lili laliwisi, koma ndinadya lonse.

Pang'onopang'ono dzanja linazolowera. Ndinaphunzira kukazinga kaanyezi ndi phwetekere, kuthira dzungu ndi kachewere muwiri, madzi ongokwana, kenako supuni ya chiponde cha m'botolo m'malo mwa nsinjiro. Zikafewa ndinkazitswanya ndi supuni mpaka zikhale pakati pa phala ndi futali. Masiku ena ndinkaika mbatata ya kholowa, ena zitheba kapena sipinachi, popeza nkhwani kumeneko sumapezeka chisawawa. Mphika umodzi, mbale imodzi, nthawi yochepa. Ndikadya thupi linkafunda, mimba osalemera, tulo n'kubwera. Ndinene mosabisa: ndinkasungulumwa mpaka kumalankhula ndi mphikawo, ndipo chakudya chimenecho ndicho chinkandiletsa kupita kumowa ngati anzanga ena.

Esinati ankachita kukwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi kuti apeze netiweki. Tinkatumizirana mawu pafoni, afupiafupi, poopa kutha bandulo.

"Bambo a Tadala, ndalama zija ndalandira. Malata ndagula. Mwadya koma?"

"Ndadya, mayi a Tadala."

Sanafunsepo kuti ndadya chiyani, inenso sindinanenepo. Mwamuna auza bwanji mkazi wake kuti wakhala katswiri wa dzungu?

Ndinabwera Meyi wa chaka chatha, patapita zaka zinayi. Abwana anga anati malo anga andisungira mpaka nyengo yozizira ithe. Sindinavomere ndipo sindinakane, ndinangoti ndikaona. Nkhani imeneyi ndinafika nayo ili m'thumba, pamodzi ndi mabulangete ndi kasola kamagetsi. Ndinapeza nyumba ya malata, Tadala atandifika paphewa, ndi Esinati atawonda koma akuyenda ngati mwini mudzi.

Sabata yoyamba anandisandutsa mlendo. Nkhuku inafa, mpunga unagulidwa, mafuta ankachita kuyandama pa ndiwo. Ndinkadya chifukwa cha ulemu, chilungulira n'kuyambiranso. Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali kuona Esinati akuweruka kokolola dzuwa litapendeka, msana utathyoka, n'kuyambanso za nkhuni, madzi ndi miphika iwiri, ine nditangokhala pampando ngati mfumu. Lachiwiri lina ndinafulumira kuchoka kumunda. Pansi pa nkhokwe panali mulu wa maungu. Ndinasankha lalikulu, lamawangamawanga, ndinathyola nkhwani kudimba, n'kupeza nsinjiro zenizeni m'kabotolo. Ndinkaphika ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Esinati anafika ndi dengu pamutu n'kuima pakhomo la khitchini. Anayang'ana ine, mphika, ndi mpeni umene unali m'manja mwanga.

"Khalani pansi, mayi, lero mupume," ndinatero.

Anatula dengu, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kumene kuli dzala. Atabwera anati mutu ukumupweteka. Ana anadya mpaka kukombeza mphika, iye osalawa n'komwe. Ndinati mwina n'kutopa. Lachinayi ndinaphikanso, ndipo anagona atayang'ana kukhoma.

Utsi wa khitchini subisika pamudzi. Loweruka ndikupita kuchigayo ndinakumana ndi alamu anga a Felesiya, akulu ake a Esinati, mayi wa pakamwa posasowa chonena.

"Alamu, ndamva mwatsegula lesitilanti. Kodi anakuphunzitsani ndani? Dzina lake ndani mayiyo? Ndi woyera eti?"

"Mayi wake uti?"

"Aaa, musatipusitse. Munachoka kuno osatha ngakhale kufulula tiyi. Mwamuna saphunzira mthiko kwa mphepo."

Ndinaseka nawo poti ndi chilamu, koma mumtima ndinapsa. Zaka zonse zija ndikugona ndekha m'malata ozizira, ndikudzimana, malipiro ake akhale amenewa? Ndinaganiza kuti ngati kwathu kuno mwamuna wothandiza mkazi wake amasanduka wachiwerewere, kuli bwino ndibwerere kumene palibe amene amawerenga miphika ya mnzake. Madzulo amenewo ndinayang'ana nambala ya abwana anga kangapo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anatiitanitsa a Zuze, amalume ake a Esinati, omwenso ndi ankhoswe athu a kuchikazi. Anabwera pakhomo pathu pomwe, tinakhala pansi pa mtengo wa manachesi, a Felesiya ali pambali ngati mboni yodziitana yokha. A Zuze ndi munthu wofatsa, wokonda kuseka, ndipo nkhaniyi inkaoneka kuti ikuwachititsa manyazi.

"Bambo a Tadala, ife tamva kuti m'nyumba muno simukulankhulana bwino chifukwa cha zophikaphika. Anthu akuti mwina kumene munali kuja kunali wina wokusamalirani. Tiuzeni poyera, mapanga awiri avumbwitsa."

Ndinafotokoza zonse: za mkhukhu, za chilungulira, za maungu ophwanyika a pamsika. Esinati ankangoyang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Pakamwa aliyense ali napo," anatero a Felesiya. "Aphike tione. Dzanja la mkazi limadziwika."

A Zuze anafuna kuletsa, koma ine ndinali nditadzuka kale. Ndinatulutsa mbaula pabwalo, ndinaterekapo mphika wa mafuta ndi anyezi, n'kutenga dzungu lina pansi pa nkhokwe. Ndinalibenthula, ndinasenda makoko mokhuthala ngati mmene ndinazolowerera, ndinakokolola zam'kati ndi supuni, n'kupita nazo kudzala kukakhuthula. Nkhuku zinathamangira komweko. Pobwera ndinapeza a Felesiya atagwira nthiti, misozi ili m'maso chifukwa cha kuseka.

"Amalume, mlandu watha, tiyeni tizipita. Palibe mkazi anaphunzitsa munthu uyu. Mkazi wake uti angasende dzungu ngati akusema mpini? Mkazi wake uti angataye nthangala? Alamu, pepani, munalidi nokha."

A Zuze anaseka, inenso mtima unayamba kutsika. Ndinayang'ana Esinati kuti naye aseke. Sanaseke.

"Za mkazi sindinanene ndine, ananena ndi achemwali," anatero motsitsa mawu. "Ine amuna anga ndimawadziwa. Zimene mwaonazi ine ndinaziona Lachiwiri. Ndinapita kudzala n'kupeza nkhuku zikumaliza nthangala za dzungu lija ndinasiyira mbewu, lokoma kuposa onse m'munda muja. Lachinayi chimodzimodzi. Ndiye ndinati, munthu wodya dzungu n'kutaya nthangala saganiza zodzala. Thupi lili pano koma chaka chamawa sichili pano."

Anakweza maso n'kundiyang'ana, koyamba chichokere Lachiwiri lija.

"Bambo a Tadala, kuphika phikani, ine ndatopa nayo miphika. Koma ndiuzeni pamaso pa amalume, mukubwereranso? Ndidziwiretu, ndisazolowere."

Mafuta ankalira pa mbaula, anyezi akupserera. Sindinamuuzepo za malo amene abwana anandisungira, koma anaziwerenga kudzala. Ndinachita manyazi, ndipo ndinamumvera chisoni kwambiri mkazi amene anakhala zaka zinayi akulima, akukolola ndi kusunga mbewu yekha, n'kumaopa kulawa chakudya changa kuti angachikonde kenako n'kuchisowa.

Apo m'pamene ndinaona chimene ndinali nditaiwala. Ku Joni ndinkaphikira usiku umodzi basi. Dzungu linkachokera m'lole, zotsala zinkapita m'bini, ndipo mawa kunkabwera lole ina. Kuno mphika wa madzulo sumathera m'mbale. Makoko ndi a mbuzi, nkhwani wotsala amaufutsa kuti adzadye mu Okutobala, nthangala amaziyanika n'kuzisunga m'phulusa kudikira mvula. Munthu akamadya amakhala akunena kumene adzakhale chaka chamawa, ndipo apabanja pake amamva ngakhale iye asanatsegule pakamwa.

Sindinganame kuti ndinalibe mantha. Msewu wathu ukadali womwe uja, mvula ikakula malole amatherabe m'munsi, ndipo ndalama ya mwezi ndi mwezi ndi yokoma. Koma ndinatembenuka, ndinapita kudzala ndi malaya anga a kutchalitchi, ndinaingitsa nkhuku, n'kugwada. Ndinayamba kutola nthangala imodziimodzi m'phulusa ndi m'zinyalala. Zambiri zinali zitapita, koma zokwana dzanja zinapezeka. Kumbuyo ndinamva a Felesiya akuyamba kulankhula, a Zuze n'kuwauza kuti akhale chete ndipo akaone anyezi uja.

Nditadzuka ndinapeza Esinati ataima pafupi, lichero lili m'manja, koma atalifungatira pachifuwa.

"Zimenezo adzadzala ndani?" anafunsa.

"Ine."

"Mvula yodzalira imagwa Novembala, bambo. Si mawa."

"Ndikudziwa, mayi a Tadala. Idzandipeza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ngati mmene amayang'anira mitambo asanatulutse mbewu. Kenako anatambasula manja n'kunditchera lichero.