Mandasi a Tuda

Tuda wa ku Ait Zitun, mudzi wa pamwamba m'mapiri a Atlas, ndi mayi wosalankhulalankhula, koma akatsimikiza chinthu simungamubweze. Ana ake atatu oyamba anabadwa mosavuta, ndipo ndi zomwezo zinamupusitsa. Pa wachinayi matenda atayamba anangokhala chete, poti kwawoko woyembekezera saulula, amaopa diso la anthu. Pamene ankamukweza pabulu n'kuti nthawi itatha. Mwana anabadwira panjira, pamphepo, ndipo sanafike kuchipatala ali moyo. Tuda analira, nalumbira kuti sadzachiriranso pathengo.

Pakati pa mwana wachisanu panakhwima nyengo yozizira ikulowa. Mwamuna wake Bihi anali kuntchito ku Agadir, ndiye mawu onse pakhomo anali a apongozi, a Lala Yamna. Tuda atapempha kuti akakhaliretu kuchidikiro cha kutauni chipale chofewa chogwa m'nyengo yozizira chisanatseke msewu, apongozi anakana kwamtuwagalu. Ankati nkhalakale ngati iye sathamangira azamba ngati mtsikana, nanga mbuzi adyetsa ndani, buledi aphika ndani? Iwo anabereka ana awo onse atagwira chingwe chapadenga, osaona dokotala. Za amene anawaika m'manda sankazitchula.

Tuda sanakangane nawo. M'mawa wa tsiku lamsika anakankha kapu ya tiyi, n'kunena kuti mtima wake ukufuna mandasi a kutauni. Tsono kumeneko chimene woyembekezera walakalaka sichikanizidwa. Amati ukamumana, mwana amabadwa ndi banga la chinthucho, ndipo mudzi wonse umadziwa amene anamana.

Apongozi anati atuma dalaivala wa minibasi akagule.

"Ozizira ayi, amayi," anatero Tuda, akudzikanda patsaya dala. "Ongochoka m'mafuta, ondiwotcha zala. Ndipo ndikuwafuna m'mawa uliwonse."

"Chotsa dzanja kumasoko, iwe! Ufuna mdzukulu wanga abadwe ndi ndasi patsaya?"

Anamumangira okha kathumba ka zovala, akung'ung'udza, Tuda n'kutsikira kuchidikiro kuja. Sabata isanathe chipale chinatseka msewu. Tuda anachirira pabedi, mwana wamkazi, koma anataya magazi ambiri moti anamwino anachita kulimbana kuti amupulumutse. Akanakhala kuphiri, bwenzi tikunena zina.

Msewu utatseguka, a Lala Yamna anatsika. Anamutembenuza mwana uku ndi uku, banga osalipeza, kenako anamva kwa namwino za magazi aja. Anakhala pansi, ndipo tsiku limenelo sanakalipire munthu.

Chaka chotsatira mwana wamkazi wa a Lala Yamna, Rkiya, anali woyembekezera, wokwatiwa kubanja louma mitu kutsidya kwa chigwa. Mwezi wake utayandikira, mayi wokalambayo anayenda wapansi mpaka kumeneko, nakhala pakati pa apongozi ake a Rkiya, n'kufunsa mokweza kuti onse amve:

"Mwana wanga, kodi iwe palibe kanthu kakutauni kamene ukulakalaka? Kotentha?"