Agogo Tumpale ndi Mawu a Tcheyamani

Ndikakumbukira agogo Tumpale, ndimamva fungo la mankhusu a mpunga akunyeka pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba yawo, losakanikirana ndi la chambiko, mkaka wosasa womwe ankasunga m'chipanda, ndipo m'makutu mwanga mumalira zitini zawo zoingitsira mbalame. Sanali agogo anga enieni. Ife tinachokera ku Dedza bambo atatumizidwa kukaphunzitsa ku Wovwe, ndipo khomo lathu linayang'anizana ndi lawo. Miyendo yawo inapuwala ali mwana, choncho ankayenda chokwawa, atavala patapata m'manja, m'mawondo atamangamo zidutswa za tayala. Komabe ankafika paliponse, ngakhale kumunda kudzera m'timizere toterera ta pakati pa madzi, akuseka aliyense amene wagwa m'matope ali ndi miyendo yake iwiri.

Mpunga ukayamba kucha ankakhala pachulu tsiku lonse, zingwe za zitini zija zochokera mbali zonse za munda zili m'manja, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko. Chomwe chinkandikoka chinali pakamwa pawo. Ankatha kutengera mawu a munthu aliyense, kaya mayi anga akundikalipira, kaya abusa akupemphera motafuna mawu, mpaka ine ndinkagubuduka pansi nthiti zikuwawa. Koma amene ankamutha kwambiri anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, bambo wojintcha yemwe ankayamba watsokomola asananene chilichonse.

Bambo anga atazimva tsiku lina, anaunguza uku ndi uku. "Amama, chonde zimenezo musiye. Anthu akutengedwa," anatero monong'ona. Sankanama. Kalaliki wina wa pasikimu ya mpunga anali atakwezedwa galimoto chifukwa cha nthabwala ya pamowa, ndipo mkazi wake ankangoyang'anabe kumsewu.

"Aphunzitsi," anayankha agogo, "Mulungu anandimana miyendo. Ndiye ndidzimanenso pakamwa?"

Loweruka lina kunali msonkhano wa chipani, ndipo anyamata ake ankayenda m'minda kukusa anthu. Ife sitinawaone akubwera. Mpheta zinatera m'munda ngati mtambo, agogo n'kukoka zingwe, n'kutsokomola kawiri, n'kufuula m'mawu a tcheyamani enieniwo: "Ehe! Ehe! Mbalame zonse kumsonkhano!"

Nditatembenuka ndinaona anyamata atatu ataima kumbuyo kwathu, wina atagwira ndodo. 

"Ndani amayankhula?" anafunsa wa ndodoyo.

"Ndine, mwana wanga."

"Tiyeni mukafotokoze nokha kwa atcheyamani."

Agogo anayang'ana munda wawo nthawi yaitali, mpunga wonse utawerama ndi kucha. Kenako anandiyang'ana ine. "Iwe Nabanda, thamanga kwanu. Usaime panjira." Atatero anakweza manja ngati khanda. "Ndiberekeni tsono. Mukadikira kuti ndikwawe, tikapeza msonkhano utatha."

Ndinaona mnyamata uja akupatsira mnzake ndodo n'kugwada. Ankaterereka nawo m'matope, miyendo yawo yowonda ikulendewera, iwo akuliza hutala ndi pakamwa ngati basi. Sindinaseke. Ndinathamanga ndikulira.

Bambo anali atapita kale kumsonkhanoko ndi ana a sukulu akuluakulu. Mayi, omwe anatsala chifukwa anali ndi mwana wakhanda, anandikokera m'nyumba n'kutseka chitseko dzuwa lili paliwombo. Masana onsewo galimoto ikamveka kumsewu mayi ankaleka kuyamwitsa n'kutchera khutu. Ine ndinkasuzumira pazenera khomo la agogo, nkhuku zawo zikulowa ndi kutuluka mopanda wozithamangitsa.

Chakumadzulo tinamva ngolo. Agogo anali pamwamba, atakhala pamatumba, bambo akuyenda pambali nkhope ili gwa. Bambo anatifotokozera atatseka chitseko. Tcheyamani analamula agogo kuti abwereze pamaso pa anthu onse zomwe ananena kumunda. Agogo anatsokomola kawiri n'kubwereza osachotsera. Bwalo lonse linati zii, aliyense ataweramitsa mutu, mpaka mkazi wa tcheyamani mwiniyo anaphulika ndi phwete. Mwamuna wake anasowa chochita. Analengeza kuti mayiyu ndi wamisala, amuchotse, ndipo akadzayambiranso sadzaonanso Wovwe.

Mpheta zinali zitadya pafupifupi theka la munda. M'mawa mwake agogo anakwawira komweko, anayendetsa dzanja pa ngala zopanda kanthu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona misozi yawo. Anaipukuta msanga. "Zamvera atcheyamani," anatero. "Zinachitadi msonkhano."

Sanasiye nthabwala zawo, ngakhale kuti mawu a tcheyamani ankangowatengera mondinong'oneza. Koma kwathu mantha sanachoke. Bambo analeka kukhala pakhonde, ndipo nthawi iliyonse ndikamapita kumunda ndinkayamba ndaona ngati pachulu pali munthu. Ndinkaopa galimoto, osadziwa kuti chodzawatenga ndi chibayo. Dzinja lotsatira anadwala masiku ochepa chabe. Nditawapititsira phala anayesa kutengera mawu a mayi anga kuti ndiseke, koma mpweya unawathera pakati. Pamaliro pawo bambo, omwe sindinawaonepo akulira, anakhala pansi pa mtengo wa mango nkhope ataibisa m'chipewa.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili. Mawu a tcheyamani ndimawakumbukira bwinobwino, a abusa aja chimodzimodzi, onse monga ankatulukira pakamwa pa agogo. Chomwe chimandisowetsa mtendere n'chakuti mawu awoawo, amene anandiuza nawo kuti ndithamange osaima panjira, akundithawa chaka ndi chaka. Nthawi zina ndimasiya ntchito n'kukhala phee, kuyesa kuwamva. Palibe wina wotsala amene ndingamufunse.