Nkhalango yathu ya ku Tsangano

Mbande za mitengo zimene bungwe lathu linagawa ku Tsangano zinauma zonse, chifukwa tinazibweretsa mvula itasiya kale. Nditamva kuti kukubwera alendo odzaunika ntchito yathu, ndinapempha Mayi Nangozo, apampando a komiti ya m'mudzi, kuti tidule nthambi za bulugamu tizike m'maenjemo.

"Alangizi, zimenezi n'zoona?" anandifunsa.

"Ingozikani mayi, dzuwa lisanakwere," ndinayankha ndikuyang'ana kumbali.

Alendowo anajambula zithunzi, wina mpaka kusisita tsamba, ndipo anachoka nthambizo zisanafote. Ine ndinangomwetulira.

Tsopano mapulani a zaka zikubwerazi akuti njira ya ku Tsangano ifalikire m'boma lonse. Wokaphunzitsa anzanga asankha ine, ndipo mbande za chaka chino sizinafikebe.