Tsiku Limene Jombo Zanga Zinapita Kudimba

Mboni zanga ndi ziwiri ndipo zonse zili moyo: mkazi wanga Nangondo, ndi achimwene ake, alamu anga a Bizaliele, mlimi wa mbatata ya kachewere. Ndikanama penapake, awiriwa andiyalutse pamsika.

Ntchitoyi ndinaipeza ndikupalasa kabaza pa Ntcheu Boma. Ndinakweza mayi wina wofufuza za nyama, a Dokotala Mbewe, ndipo m'njira anandifunsa ngati ndimaopa achule. Ndinati ayi. Bodza lokhalo m'nkhani ino ndi limeneli. Ine chule akandiyang'ana, mawondo amagundana mpaka anthu a ku Manjawira kutuluka m'mashopu.

A Dokotalawo ankafuna kupulumutsa tiachule tating'ono ngati chala chachikulu, tomwe tinatsala pa kasupe mmodzi m'phiri. Kumitsinje ya kumunsi achule ankafa ndi matenda a pakhungu, tingoti chipere cha achule. Ine ndinkavala magolovesi atsopano pa chule aliyense, kumugwira, kumupukuta pamimba ndi kumapazi ndi kathonje ka pa kamtengo, kenako n'kuthyolera kathonjeko m'kabotolo ka nambala. Timabotoloto tinkapita ku labu, komwe makina amawerenga DNA n'kunena ngati matendawo alipo, ngakhalenso ngati achulewo akukwatirana pachibale. Chule woyamba ndinamupepesa katatu ndisanamukhudze.

Lamulo lalikulu linali la jombo. Tikachoka pamtsinje uliwonse, tinkazikwecha ndi burashi n'kuziviika m'ndowa ya madzi a kolorini. "A Zimba, matendawa alibe miyendo," ankatero a Dokotala. "Amabwereka yanu."

Lachinayi lina ndinatsuka jombo n'kuziyanika pakhonde. Loweruka kunabwera a Bizaliele.

"Alamu, tandibwerekani izi, kudimba kwadzaza madzi."

Ine ndine mkamwini. Nyumba yanga ili pamalo awo, ngakhale nkhuku za pamudzipo zimandiona ngati mlendo. Ndikanakana bwanji? Anazibweza atazipukuta pamwamba, zikuwala ngati za apolisi.

Lolemba tinakwera phiri. Tili m'munsi a Dokotala anafunsa, "Jombo zatsukidwa?" Ine ndinati, "Kalekale, madamu." Titafika pakasupe ndinaponda m'mphepete mwa madzi ndi phazi lamanja. Nditalikweza, ndinaona dothi lakuda likusungunuka kuchokera kunsi kwa jombo, pamodzi ndi katsamba ka kachewere. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti dimba la alamu lili pamtsinje womwe tinatolapo achule akufa sabata yapitayo.

Mtima unatsikira m'jombo momwemo. Thukuta lomwe linatuluka tsiku limenelo likanathirira dimba lonse la alamu, ndikulumbira. A Dokotala anali atapenya kwina, akulemba manambala. Ndikanangokhala chete, palibe akanadziwa. Koma pamwala panali kachule kamodzi kakundiyang'ana, pakhosi pakugunda, ndipo mtundu wake wonse unali m'madzi omwe ndinali nditangowadetsa.

"Madamu," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana wambuzi, "ndapha achule anu onse."

Anamvetsera mpaka kumapeto osakalipa, chomwe chinandiopsa koposa. "Imani pomwepo. Phazi limenelo lisakhudzenso pansi."

Ndinaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, iwo akundivula jomboyo n'kuiika m'jumbo. Anapukuta kunsi kwake ndi kathonje ngati kuti nayo ndi chule, n'kukumba dothi lonse la pomwe ndinaponda. Jombo inayo inalowanso m'jumbo, ndipo phiri ndinatsika ndi masokosi.

Zotsatira za jombo zinabwera msanga: matenda analipo. Za achule anati tidikire masabata angapo, chifukwa chiperecho sichionekera pompopompo. Masabata amenewo ndinaonda mpaka Nangondo ankandifunafuna ndili pampando womwewo. Foni ikalira, ndinkaithamangira. Tinabwerera kukawapukuta kawiri, ine ndikugwira aliyense ngati dzira, ndikuyang'ana pamimba ngati pafiira. Patapita masiku chichitikireni ulendo wachiwiri, a Dokotala anandiimbira foni ndili kuchigayo.

"Onse ali bwino, a Zimba. Mwamwayi, osati mwanzeru."

Ndinakhala pansi, pa ufa wa mayi wina.

Chomwe ndinasunga n'chakuti jombo siyang'anidwa pamwamba, ndipo ya kuntchito siidziwa chibale. Mvula itabweranso, a Bizaliele anafika pakhonde, maso ali pa jombo. Ndinalowa m'nyumba n'kuwatulutsira nsapato zanga za kutchalitchi. Anazilandira ndi manja awiri, n'kupita nazo kudimba.