Mkaka wa mayi wa ku Vubwi

Fuluwenza itangotileka, mpingo unaitana msonkhano wa mgonero cha kufupi ndi Katete. Tinali titakolola, ndipo kwa ife akazi msonkhano wotere ndiwo unali mpumulo wathu: kukagona m'misasa ya udzu, kuimba, kudya ndi anthu osawadziwa, khasu osaliona. Ife a ku Sinda tinanyamuka gulu, alongo anga ali patsogolo. Amuna anga anali ku migodi ya ku Halale, ndipo mbiri yawo inali itazilala kalekale.

Ine sindinapitire zopuma. Ndinali ndi khanda lalikazi kumsana, koma mabere anga anali ataphwa ndi matenda aja. Ndinkalipatsa phala lamadzimadzi ndi chala, ilo n'kumalavula. Kulira kwake kunali kutachepa, kukungomveka ngati kwa kamwana ka mphaka. Chimene ndinkafuna n'chakuti mwanayo abatizidwe asanafe.

Akulu a mpingo anatisakaniza dala m'misasa kuti tidziwane, ine n'kugwera mwa akazi a ku Vubwi. Poyamba sindinawakonde. Ankaseka Chinsenga chimene chimatilowerera pakamwa ife a ku Sinda, ndipo ine mtima wanga suchedwa kupsa. Mmodzi yekha ndiye sankaseka, mayi wamtali wa msinkhu wanga, amene nsalu yake inkakhala yonyowa pachifuwa.

"Mwanayu akulira njala, amayi," iye anatero.

"Ndikudziwa. Mukuyesa ndine wogontha?"

Sanakwiye. Anangosendera pafupi n'kunena motsitsa mawu: "Wanga ndamuika m'manda mwezi uno. Maberewa akundiwawa. Tam'bweretsani kuno."

Mwana anagwira bere ngati alidula. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa pamodzi ndi chimwemwe ndinamvanso nsanje. Amayi ena achikulire anayamba kung'ung'udza kuti mkaka wa munthu woferedwa ndi woipa, upha mwana. Ndinawauza kuti wabwinowo ngati ali nawo abwere nawo, ndikudikira. Nkhani inathera pomwepo.

Kuyambira tsikulo tinkagona mphasa imodzi, mwana ali pakati. Kumtsinje tinali tonse, kukatola nkhuni tonse, polalikira tonse, mpaka anzathu anayamba kutinena kuti ndife akazi a mwamuna mmodzi, akulu a mpingo atichotse pa mgonero. Mnzangayo anayamba kuseka. Ankayesera Chinsenga changa n'kuchiphotchola, ine n'kumuuza kuti lilime lake n'lolemera ngati munsi. Mwana anabatizidwa ali ndi mphamvu zokankha mkono wa mbusa, ndipo masaya ake anali atayamba kubwerera.

Za tsiku lomaliza palibe ankazitchula pakati pa ife awiri, koma linafika. M'mawa tinaimba nyimbo yotsazikana, anthu n'kuyamba kumanga akatundu. Amene anapalana ubwenzi ankasinthana mikanda, ena nthangala za maungu, akumalonjezana kuti adzachezerana, ngakhale aliyense ankadziwa kutalika kwa njira. Misasa inatsala yapululu, udzu utayamba kale kugwa. Ife njira yathu inali ya kumadzulo, a ku Vubwi ya kum'mawa.

Ndinauza alongo anga kuti ndikuperekeza anzanga pang'ono. Ndinamusenzera mtanga wake monga mwa mwambo, iye n'kubereka mwana kuti ayamwe komaliza. Woperekeza amabwerera pamene mudzi wathera. Ine ndinadutsa pamenepo, n'kuoloka mtsinje, n'kudutsa dambo. Tikafika pamthunzi ndinkati, "Tikhale apa, ayamweko kaye." Alongo anga anali atauza gulu lathu kuti litsogole, iwo n'kumatitsatira m'mbuyo.

Dzuwa litapendeka anatipeza titakhala patsinde pa mkuyu. Amuna ake a mnzangayo, amene anabwera naye ku msonkhano, analinso pomwepo, akukanda pansi ndi ndodo.

"Mlongo," anatero alongo anga, "kuperekeza kwake n'kumeneku? Ukafika nawo ku Vubwi?"

Ndikanatha ndikanapita. Koma kumudzi ndinali nditasiya ana awiri okulirapo ndi amayi anga amene sankadzuka pamphasa. Nayenso mnzangayo anali ndi nyumba yake ndi apongozi ake.

Iye ndiye analimba mtima. "Sindikukulandani, anzanga," anatero akuyang'ana pansi. "Koma mukam'tenga lero, mawa akadya chiyani?"

Ndinakwiya, ndinganame. Ndinkafuna kumuyankha mawu oti akawakumbuke mpaka kwawo, koma ndinasowa poyambira, chifukwa funsolo ndi lomwe ndinkayenda nalo njira yonseyo. Ndinatembenukira kwa alongo anga. Kwathu mwana ndi wa mbumba, ndipo mwini mbumba anali iwo. Ndinkayembekeza kuti akana, kuti mlandu ukhale wawo.

"Ana a mbumba ino ndakwirira ambiri chaka chino," anatero. "Zili kwa iwe, mlongo."

Ndinavomera kuti mwana apite naye. Amuna awiriwo anakambirana nthawi yaitali: dzina la mudzi, mitsinje yooloka, ndi kuti mwana akadzasiya kuyamwa adzabwera naye ku msonkhano wina. Ine sindinkamva bwino. Ndinkangoyang'ana kaphazi kotulukira m'mphepete mwa nsalu ya mnzanga. Alongo anga anapemphera.

Titaimirira ndinam'senzetsa mnzanga mtanga uja pamutu pake. Mwana anali m'tulo kumsana kwake, mkaka uli pamlomo.

"Ndimudzutse mutsazikane?" anafunsa.

"Ayi, musiyeni. Wakhuta."

Tinagwirana manja, iye akulira, ine maso ouma. Ndinkam'konda mayi ameneyo, ndipo nthawi yomweyo ndinkafuna nditapanda kumuonanso akuyenda choncho ndi msana wodzaza. Ndinaima mpaka analowa m'mitengo.

Za ulendo wobwerera sindikumbukako zambiri. Mbereko ndinaimanga m'chiuno, ndipo alongo anga anayesa kundicheza koma anagwa ulesi.

Titafika kumudzi, akazi anali pamtondo. Ankadziwa mmene mwana analili ponyamuka. Atandiona ndikubwera kumsana kulibe kanthu, anaponya minsi pansi n'kuyamba kulira maliro, akuthamangira kwa ine manja ali kumutu. Amayi anga anamva ali m'nyumba, nawonso n'kuyamba.

"Lekani," ndinawauza. "Sanafe. Ali moyo, akuyamwa."

Analeka mmodzimmodzi, akupukuta m'maso, ena n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Bwalo lonse litakhala chete, ine ndinakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira.